Mvuu ya Nsapato Zofiira

Tinanyamuka ku Ulongwe chisanu chikulumabe zala,
Filomena atafumbata buku lake pachifuwa,
lija lothothoka chikuto,
limene tsamba lake lachisanu ndi chiwiri
linathera m'mimba mwa mbuzi ya aneba.
Chapa chinatsika nafe phiri ndi phiri
mpaka majuzi anasanduka katundu.
Tete anatilandira ngati khomo la uvuni.

Pachipata, mametikali a miyezi inayi,
aja ndinkabisa m'chitini cha mkaka,
anapita ndi kuphethira kumodzi.
Anatimanga timapepala pamkono ngati odwala.

M'katimo buku linali litaimirira ndi miyendo.
Nungu Telala, wamtali kuposa ine,
akusoka diresi la simenti ndi munga wake womwe.
Birimankhwe wogulitsa mitundu,
dzuwa litamulanda yonse, watsala ndi wa fumbi.
Kasitima kankazungulira mlambe katatu
ndipo mwana ankandibayibitsa ulendo uliwonse
ngati wa ku Beira.
"Ababa, zenera la Nungu lili kumanzere.
M'buku lili kumanja."
Ndinati mwina anasamuka.

Kenaka inatulukira imene tinadzera:
Mvuu ya Nsapato Zofiira,
mimba ya siponji, mano a pulasitiki,
ikugwedeza dzanja kwa ana onse.
Filomena anauma gwa. Buku linagwa.

Ine ndinaona mwendo.
Wakumanzerewo unkatsalira pang'ono,
nsapato yofiira ikulemba mzere m'fumbi.
Kayendedwe aka ndimakadziwa.
Zaka zisanu ndi chimodzi ndinkakatsatira m'bandakucha
ku Moatize, zipewa zolimba kumutu,
malasha m'mphuno, m'makutu, mpaka mu buledi.
Tsiku lina mayina athu anapezeka papepala limodzi
lokhomedwa pachitseko cha ofesi.
Ine ndinabwerera ku mizere ya kachewere.
Za Anasitasiyo sindinamvenso.

Mvuu inagwada movutikira.
Mwana anafunsa limene lakhala likumusowetsa tulo:
"Patsamba lodyedwa paja,
kodi ng'ona inakubwezera nsapato yako?"
Mvuu siyankhula, ndi lamulo la ntchito.
Inangokweza phazi ili, kenaka linalo.
Zonse zilipo.
Filomena anapuma ngati watula mtolo.

Pa kaneti ka m'kamwa mwake
ndinaona maso awiri olumwa ndi thukuta.
Anandiona.
Palibe anatchula dzina la mnzake.
Dzanja lansalu linangofinya langa kawiri
monga tinkachitira poweruka usiku.

Kasitima katamunyamulanso mwana
ndinazemba kuseri kwa thanki ya madzi.
Mutu wa mvuu unali pampando, ukumwetulirabe.
Mwini wake ali pansi, imvi zitanyowa chuu.
Ndinamupatsa botolo lozizira ndi masau a m'thumba.
"Kumgodi kunali kamphepo, mbale," anaseka,
chifuwa chija chikumudula mawu.
"Koma kumeneko ndani anandikumbatirapo?
Kuno ndi makumi asanu patsiku."
Anamwa. Anayang'ana kumene kunkachokera phokoso.
"Ndi wako uja wa buku? Asabwere kuno.
Asaone."
Ndinamuthandiza kuvala mutu.
Unali wolemera kuposa chipewa chija.

Madzulo pamlatho, Zambezi atasanduka mkuwa,
Filomena anakanikiza mphuno pagalasi
kufufuza mitu m'madzi.
Panalibe. Bwato limodzi basi, ndi amayi ochapa.
Tinadutsa Moatize ine ndikuyang'ana mawondo anga.
Tulo titayamba kumugwetsa khosi anati,
"Ababa, mvuu ija imatsimphina."
Ndinati inde.
"M'buku sanalembe."
Ndinamufunditsa juzi, pakuti mapiri anali pafupi,
ndipo ndinati,
mwina zinali patsamba lija inadya mbuzi.